Nsalu Yakuda mu Sutikesi ya Maame Dufie

Achemwali anga, Maame Dufie, sanavalepo chovala chosokedwa ndi munthu wina kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sindikukokomeza ayi. Ngakhale zamkati, ngakhale mpango wakumutu, zonse zinkadutsa pa makina awo. Nsapato zokha ndiye ankagula, ndipo ankagula akung'ung'udza. Ine ndine Fosuaa, mng'ono wawo wa bere limodzi, ndipo ndagulitsa nsalu mumsika wa Konongo zaka makumi atatu. Ine kugulitsa, iwo kusoka. Anthu ankati Mulungu anatigawira bwino ntchito, koma sankadziwa mmene tinkakanganirana tikakhala awiriwiri.

Kusoka anakaphunzira ku Kumasi, kwa mayi wina waukali amene ankamenya zala ndi rula msoko ukakhota. Anakhalako zaka zitatu, ndipo chaka choyamba chonse chinatha akungosita ndi kusokerera mabatani. Atabwerako, bambo athu anagulitsa koko wa chaka chimenecho n'kuwagulira makina opukusa ndi dzanja, akuda aja a maluwa agolide. Makina amagetsi atabwera, atsikana onse amene anawaphunzitsa anagula, koma iwo anakana. Ankati makina othamanga amasoka mwini wake asanaganize.

Ntchito yawo yeniyeni inali kaba, bulauzi yathu ija yovalira ndi siketi yaitali ndi nsalu yachitatu yoponya paphewa. Mayadi asanu ndi limodzi, osataya ngakhale kachidutswa kopukutira mphuno. Tepi anali nayo, koma inkangolendewera m'khosi. Ankakuona ukulowa pageti n'kukuuza kuti wanenepa m'mikono, iwe usanapereke ndi moni womwe. Ambiri ankapsa mtima, koma ankabweranso, chifukwa kaba ya a Dufie inkakukhala ngati unabadwa nayo.

Amuna awo, a Gyasi, ankayendetsa lole yonyamula matabwa, ndipo anafera pamsewu wa ku Accra mwana wawo Birago ali ndi zaka zinayi. Mwana anali yekhayo. Amuna ena anabwera kudzafunsira, ena a nyumba zamalata ndi minda ya koko, achemwali osawayang'ana n'komwe. Birago anakulira pansi pa tebulo la makina. Sukulu yake yonse inatuluka m'dzanja lamanja la mayi ake, lomwe linkapukusa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mpaka lero phewa la mbali imeneyo ndi lotsika kuposa linzake.

Panali chinthu chimodzi chimene sankachita, ndipo Konongo yonse inkadziwa. Sankadula nsalu ya maliro munthu akadapuma. Kwathu kuno maliro sitithamangira. Thupi limadikira masabata kumalo ozizira, abale n'kugwirizana nsalu, yakuda kapena yofiira, osoka n'kugwira ntchito. Nthawi imakhalapo. Koma anthu ndi anthu. Ena akangoona kuti agogo asiya kudya, amathamangira kumsika kuti asadzapezeke pamzere kwa osoka. Ine ndinkawagulitsa osafunsa, nsalu ndi nsalu. Koma akafika nayo pakhonde la achemwali, funso linali limodzi, wamwalira ndani, ndipo liti. Munthu akangochita chibwibwi, ankamubwezera nsalu yake osaifunyulula. Mkazi wina wa mphunzitsi wamkulu anaumirira kuti apongozi ake atsala madzi amodzi, madokotala anena kale. Achemwali anamuuza kuti apite akawamwetse madzi amodziwo, osati kuwaitanira imfa ndi sizasi. Apongoziwo anakhalanso zaka ziwiri, ndipo nkhaniyi inawonjezera liuma la achemwali.

Birago atakula anakwatiwa ndi Boadu, mnyamata wofatsa wa ku Agogo, ndipo anamutsatira ku Italy, mumzinda wa Modena, kumene iye ankagwira ntchito mufakitale ya matailosi. Birago ankasamalira nkhalamba za azungu m'nyumba zawo. Anabereka ana awiri kumeneko. Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa osabwera kumudzi, poyamba chifukwa cha mapepala, kenako chifukwa cha ana ndi ntchito. Khirisimasi iliyonse mayi ake ankamutumizira kaba kudzera kwa aliyense wopita kumeneko, yosokedwa pa miyezo ya m'mutu, ndipo Lamlungu lililonse masana ankalankhulana pafoni.

Ndiye kunabwera khansa ya m'mimba. Pafoni Birago ankangoti akupezako bwino, mankhwala akugwira, dzulo wadya mbale yonse. Mayi ake ankabwera kumsika kudzandiuza mawu omwewo, nkhope ili gwa, ngati akuopa kuti ndiwatsutsa. Boadu anayamba kuyendetsa mapepala oti apongozi ake apite akamudwazike. Zinatenga miyezi, koma chilolezo chinatuluka, ulendo n'kuikidwa patatha masabata atatu.

Tsiku lomwelo Boadu anandiimbira ine. Ndinali pa sitolo, masana, ndikuyezera munthu nsalu. Anandifunsa ngati ndili ndekha, ndipo nditatuluka kuseri anandiuza mosapita m'mbali. Madokotala amubweza kunyumba, palibenso chochita, watsala mwezi kapena iwiri. Birago walumbiritsa aliyense kuti mayi ake asauzidwe. Ndipo iye Boadu sangakwanitse kubweretsa thupi kuno, adzaikidwa komweko, anthu akwathu okhala m'mizinda yozungulira adzasonkhana kudzalira nawo. Anamaliza ndi kundipempha kuti ndisunge pakamwa. Ine, Fosuaa, amene ndimalephera kusunga ngakhale mtengo wa nsalu ya mnzanga! Ndinakhala pa katoni, ndipo kasitomala uja anachoka ndi nsalu yosadula.

Achemwali anatseka ntchito za anthu onse n'kuyamba kusoka za ulendo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, amene kutali kwake kunali ku Accra, ankakonzekera ngati wayendapo maiko. Anabwera kusitolo kwanga n'kusankha okha, osandifunsa. Chovala chilichonse chinali ndi ntchito yake. Cha m'ndege chinali chotakasuka m'chiuno, poti anamva kuti munthu amakhala pampando maola ambiri. Ziwiri zinali za kutchalitchi. Zitatu zinali madiresi wamba a manja aafupi ndi matumba aakulu kutsogolo, osambitsira wodwala ndi kuphikira. Ndipo panali nsalu yoyera ya timaluwa tabuluu, mayadi khumi ndi awiri, yomwe anadulamo kaba ziwiri zofanana, ya mayi ndi ya mwana, zodzavala tsiku limene Birago adzapite kutchalitchi kukathokoza atachira.

Ya Birago anaisoka mochepetsa pang'ono, poti wodwala amawonda, koma mkati anasiya misoko yaikulu ngati zala zitatu. Anandionetsa, akumwetulira. Anati akayamba kudya fufu, nsima yakwathu yophika mayi ake, adzabwerera m'thupi, ndiye adzangomasula msoko. Ndinayang'ana kumbali n'kunamizira kuti fumbi la choko landilowa m'maso.

Vuto linali kuzizira. Unali mwezi wa Novembala, ndipo aliyense amene anapitako ankati mphepo ya kumeneko imalowa mpaka m'mafupa. Ndinawatengera jekete yabwino ya pa kaunjika, yaubweya mkati. Anaigwira ndi zala ziwiri n'kundifunsa ngati ndikudziwa mzungu amene anafera mmenemo. Kenako anatenga bulangete la malemu amuna awo, n'kulidula, n'kulikuta ndi nsalu ya mbalame zachikasu, n'kusoka mizere yopingasa kuti lisasunthe. Chinatuluka chinali chijekete chofika m'mawondo. Atachivala pakhonde, dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, ndinawauza kuti aoneka ngati matiresi oyenda okha, ndipo apolisi a ku Italy akagonapo. Anati bola matiresi awo kusiyana ndi chovala cha mtembo wa eni. Tinaseka mpaka misozi, ndipo kunali kuseka kwathu komaliza kwa nthawi yaitali.

Masiku ankapita, zovala zikuchuluka pa chingwe, ine mtima ukundidya. Ndinkayang'ana mitundu ija, yachikasu, yobiriwira, yoyera, ndipo ndinkaona chinthu chimodzi chokha. Ndinkaona achemwali atakhala kutsogolo pa maliro a mwana wawo, pamaso pa Aasante onse a ku Italy, anthu a mtundu wathu, atavala nsalu ya maluwa. Makamera akujambula, zithunzi n'kufika ku Konongo, anthu n'kumati mayi wosoka uja analira mwana wake ngati ali pa ukwati. Apo ayi, akabwereke diresi yakuda ya mkazi wina, kapena akagule ya m'sitolo ya azungu, iwo amene sanavalepo msoko wa munthu. Kuno nsalu yakuda imagulidwa pakona paliponse. Kumeneko, kumene maliro sachedwa, akanaipeza kuti m'masiku atatu, osadziwa chilankhulo?

Kutatsala masiku anayi ndinalephera kupirira. Ndinawapeza akusita ndi simbi yamakala, ndipo ndinayamba mozungulira, kuti ulendo wautali munthu amanyamula chovala cha nyengo iliyonse, kuti kumeneko kuli akwathu ambiri ndipo maliro sasowa. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Maliro a ndani, Fosuaa?"

"Aliyense, achemwali. Munthu sadziwa. Mungonyamula mayadi asanu ndi limodzi osadula, akhale pansi pa sutikesi."

Anaika simbi pa mwala. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa.

"Ine ndikupita kukadwazika mwana wanga. Ndikufuna akandiona aone kuti mayi ake abwera kudzamudzutsa. Amene akufuna kumuika m'manda agule yekha tikiti. Usadzatchulenso zimenezo pakhomo pano."

Ndinatseka pakamwa, koma mtima sunatseke. Ndine munthu wamsika, ndimakhulupirira zomwe ndaona ndi kumva, ndipo ndinali nditamva mawu a Boadu. Ndinadziuza kuti nsalu yosadula si chovala, ndi katundu chabe, ndipo lamulo la achemwali limaletsa sizasi, osati kunyamula. Onani mmene munthu amadzinamizira akafuna kuchita zake.

Kulongedza kunatenga tsiku lathunthu. Chovala chilichonse ankachipinda pamodzi ndi mpango wake, n'kuchikulunga ngati mkeka, n'kumanga ndi kachingwe kong'ambidwa ku nsalu yomweyo, kuti asadzasokoneze. Sizasi, singano ndi ulusi anaziika m'kachitini. Pansi penipeni anaika zomwe Birago anapempha. Mwanayo anati pakamwa pake sipakomanso kanthu, koma akulakalaka gari, ufa wathu wachinangwa wokazinga uja, woviika m'madzi ozizira ndi shuga ndi mtedza, monga ankadyera ali pasukulu yogonera konko. Achemwali anakagula kwa mayi amene amakazinga bwino kuposa onse, n'kukulunga mu jumbo yakuda, n'kumanga ndi mphira. Kenako tinanyamula sutikesi kupita nayo kwa ogula koko kuti akaiyeze pa sikelo yawo. Inakwana ndendende makilo amene a ndege amalola, moti achemwali anachotsa sopo mmodzi kuti mtima ukhale pansi.

M'mawa wa tsiku la ulendo anapita kwa abusa kukapemphereredwa, n'kundisiyira makiyi kuti ndidikire galimoto. Ndinali nditabwera ndi nsalu m'chikwama, yakuda yabwino kwambiri m'sitolo mwanga, yonyezimira pang'ono, imene ndinkasungira anthu olemera. Ndinatsegula sutikesi. Malo munalibe, ndipo kulemera kunali kotha kale. Chovala sindikanachotsa, akanazindikira msanga. Ndiye ndinachotsa gari uja. Ndinati gari ku Italy aliko, masitolo a anthu akwathu amagulitsa, Boadu akagula. Ndinakulunga nsalu mu jumbo yomweyo, n'kumanga ndi mphira womwewo, n'kubwezera zovala mmene zinalili. Maganizo anga anali akuti ndidzaimbira Boadu aichotse mwakachetechete, aisunge mpaka tsiku lake. Ndinamuimbira madzulo ake foni osayankhidwa, m'mawa mwake anali kale panjira ya ku bwalo la ndege, ndipo ndinati ndimupeza masana. Ndinachedwa.

Zomwe zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake, zina kwa Boadu, zina kwa achemwali eni ake.

Anafika kunyumba masana, kukuzizira, achemwali ali m'chijekete chawo. Birago anali atagonekedwa pabalaza, pafupi ndi zenera. Boadu akuti apongozi ake ataima pakhomo anagwira chitseko, chifukwa munthu amene anali pabedi anali theka la mwana amene anamuperekeza zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Koma sanalire. Anamukalipira kuti tsitsi lake lili ngati chisa, ndipo anafunsa kuti m'nyumba muno mulibe chipeso kodi. Birago anaseka chijekete chija mpaka anatsokomola.

Kwathu mayi akabwera ku ulendo, wotsegula katundu ndi mwana, ngakhale mwanayo ali ndi imvi. Birago anaumirira kuti sutikesi ikwezedwe pabedi. Anamasula mtolo umodziumodzi, akununkhiza nsalu, akuti zikununkha utsi wa simbi ya kwawo. Atafika pa kaba ziwiri zoyera, mayi ake anamufotokozera ntchito yake ndi kumuonetsa misoko yosiyira. Anaisisita nthawi yaitali, n'kunena kuti ndi yokongola, n'kuiika pambali. Kenako anafunsa za gari. Mayi ake anati ali pansi, mu jumbo yakuda.

Zala zake zinalibe mphamvu, ndiye mphira uja unamuvuta, koma anakana kuthandizidwa. Jumbo itatseguka, nsalu inatsetserekera pa bulangete, yakuda bii, mayadi asanu ndi limodzi.

Mwana aliyense wa ku Konongo amadziwa tanthauzo la nsalu imeneyo, ndipo Birago ankalidziwa kuposa onse, chifukwa anakula akuona mayi ake akupirikitsa anthu pakhonde chifukwa cha iyo. Achemwali anangoona kapindidwe kake, kopinda panayi n'kubweza nsonga mkati monga ndimachitira pa shelefu, ndipo anadziwa dzanja lake nthawi yomweyo.

Birago anayang'ana nsalu, n'kuyang'ana mayi ake.

"Amayi, inunso? Mwagula ndikadali moyo?"

Boadu akuti apongozi ake anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Birago anayamba kulira, koma osati kulira kwa mkwiyo. Analira ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni atayenda nawo mtunda wautali.

"Ndiye mukudziwa," anatero. "Ndatopa, amayi. Lamlungu lililonse ndimadzuka n'kumwa mankhwala awiri kuti mawu amveke bwino pafoni. Ndatopa kukunamizani. Mukudziwa, eti?"

Achemwali anakhala pabedi, n'kumugwira mutu, n'kunena kuti inde, akudziwa.

Patapita masiku awiri Birago anapempha chinthu chimene palibe akanachiganiza. Anati nsaluyo isokedwe pomwepo, iye akuona. Anati akazi a ku Modena amadziwa kuti ndi mwana wa wosoka wamkulu wa ku Konongo, wakhala akuwadyetsa njiru ndi kaba za Khirisimasi zaka zonsezi, ndiye sangalole kuti mayi ake adzaoneke mwachisawawa iye kulibe. Achemwali anakana tsiku lonse. Anakatsuka mbale zotsuka kale, anakolopa malo okolopa kale. Birago sanakakamize, anangoti akudikira. M'mawa mwake achemwali anayala nsalu pa tebulo lodyera, n'kulikokera pafupi ndi bedi, n'kutulutsa sizasi m'kachitini. Zaka makumi anayi ndi mphambu akukanira anthu a eni, tsiku limenelo anadula nsalu ya maliro a mwana wawo, mwanayo akuwaloza pomwe khosi liyambire.

Makina kunalibe, ndiye anasoka ndi manja. Munthu amene amamaliza kaba m'mawa umodzi anatenga masiku asanu ndi anayi. Ankabaya timisoko ting'onoting'ono ngati nthangala za mawere, ndipo Birago ankawaseka kuti akalamba, kapena akuchita dala. Ankachitadi dala. M'masiku amenewo Birago analankhula zonse zomwe anabisa chaka chathunthu. Ananena za mantha ake, za mmene ana ake aleredwere, kuti wamkulu amadana ndi kukalipiridwa pagulu, kuti wamng'ono amanama kuti wasamba. Ananena kuti Boadu akadzafuna kukwatiranso asadzamuletse, koma adzaone kaye mkaziyo. Mayi ake ankamvetsera, maso ali pa singano. Gari uja Boadu anakagula kusitolo ya akwathu, koma Birago analawa supuni imodzi n'kunena kuti si wa ku Konongo.

Kaba itatha, anawauza kuti avale. Achemwali anakavalira kuchipinda, n'kumanga mpango wakuda kumutu, n'kudzaima pamaso pa mwana wawo wamoyo atavala zomulira. Birago anawauza kuti atembenuke. Anati phewa lakumanja likugwa, aikemo kansalu kolikweza. Kenako anati tsopano zili bwino, avule, apite akaphike. Birago anamwalira patatha masiku khumi ndi awiri, m'mawa, ana ali kusukulu, mayi ake akumupesa tsitsi.

Achemwali anakhalako mpaka masiku makumi anayi atakwana, kenako anabwerera. Tinakawalandira ku Accra. Anandikumbatira monga mwa nthawi zonse, osanena kanthu za nsalu. Tinachita mwambo wa maliro kuno, pabwalo la banja, ndipo anavala kaba ija. Akazi popereka moni ankaigwira m'mphepete, kudabwa kuti ndi makina anji amene amasoka chonchi. Ine ndinakhala pambali pawo tsiku lonse, nsalu yanga ikundikhudza pamkono.

Masabata anadutsa. Ankandipatsa moni, ankanditumizira ndiwo, ankabwera kudzagula ulusi. Ndikanakonda akananditukwana pakati pa msika, kapena kundiponyera simbi. Kukhala chete kwawo kunandidwalitsa, mpaka ndinaonda. Tsiku lina masana ndinatseka sitolo n'kupita. Ndinawapeza pakhonde, akusoka yunifolomu ya mwana wa anansi. Ndinagwada pansi, mawondo akulira, n'kunena kuti ndinaika nsalu ija ndine, ndipo ndinachotsa gari wa mwana.

Sanasiye kupukusa mpaka msoko unafika kumapeto. Anadula ulusi ndi mano, n'kunena kuti akudziwa, palibenso wina ku Konongo amene amapinda nsalu mwa njira imeneyo. Anandiuza kuti ndidzuke, ndine wamkulu, anthu akuona. Kenako anandifotokozera zonse zomwe ndanenazi, pang'onopang'ono, osalira.

Ndinafunsa chimene chinkandidya.

"Munamuuza kuti ndinali ine?"

"Ayi."

"Bwanji, achemwali? Akanakwiyira ine, osati inu."

"Ndikanati si ine, akanapukuta misozi n'kuyambanso kundinamiza kuti akuchira. Ine n'kumavomera, iye n'kumamwa mankhwala awiri kuti amwetulire, mpaka tsiku lomaliza. Mwana anali atatopa, Fosuaa. Anandifunsa ngati ndikudziwa, ndiye ndinati inde."

Ndinafunsa ngati andikhululukira. Anasalaza yunifolomu ija ndi chikhatho.

"Masiku amene ndinakhala naye anali abwino. Tinalankhula zimene sitikanalankhula, ndipo ndikudziwa kuti nsalu yako ndi imene inatsegula pakamwa pake. Sindikukana. Koma ine ndinatsika ndege ndikukhulupirira kuti adzachira. Ndinamuona pabedi paja, mafupa okhaokha, ndikukhulupirirabe. Sindinataye mtima pa iye ngakhale tsiku limodzi. Ndiye mwana wanga wagona m'dothi la eni akudziwa kuti mayi ake anamugulira nsalu yakuda akadapuma, ndipo ndilibenso pomupezera kuti ndimuuze kuti si zoona."

Anatenga mkono wina wa yunifolomu n'kuulowetsa pansi pa singano. Ine ndinakhala pa sitepe mpaka ana anayamba kubwera kuchokera kusukulu.